Basi yosanyamula wogona

Bambo akunyumba kwanga anayamba kudwala msana chaka chimene tinasiya kulima fodya. Kukhala pampando ankalephera. Kuima pang'ono ankatha, koma nthawi yambiri ankangogona. Adokotala ku Lilongwe anati azibwera mwezi ndi mwezi, akadukiza miyendo idzafa.

Sitima ndiyo inkatithandiza. Njanji imadutsa kuseri kwa dimba lathu, ndipo sitima ya anthu inkaima chapafupi pomwepo. Ndinkawayalira mphasa pakati pa mabenchi, iwo n'kugona chagada mpaka kutauni. Amayi ogulitsa mtedza ankasuntha matumba awo osanyinyirika.

Kenaka kampani ya njanji inamata chipepala pasiteshoni. Akuti sitima ya anthu yatha, tizikwera mabasi awo kumsewu wa tala, ndipo akuti ulendo uphweka kuposa kale. Uphwekera ndani? Amene analemba zimenezo anaberekapo munthu wamkulu kumsana? Mpaka lero ndikakumbukira chipepala chija ndimapsa mtima.

Tinabwereka ngolo kwa achimwene anga, ulendo wa pa Kamwendo pokwerera basi. Basi inabwera yonyezimira, mipando yothithikana ngati mazira m'thireyi. Ndikukwera ndi mphasa yanga, kondakitala ananditsekereza pakhomo.

"Mayi, muno sagona. Aliyense pampando pake."

"Akudwala msana, bambo. Agone pakanjira apa, anthu aziwalumpha."

"Apolisi akatipeza panjira, ntchito ithera ine."

Ndinamulalatira, sindibisa. Ndinatulutsa mawu oti mayi wopemphera sangatchule. Koma iyeyo anali wantchito chabe. Oyenera kutukwanidwa anali phee m'maofesi awo, ndipo mpaka pano nkhope zawo sindizidziwa.

Bambo akunyumba anati tingoyesa. Tinawakhazika, ine n'kuwamangirira kumpando ndi chitenje. Basi itangogunda hampu yoyamba, anakuwa. Bambo wa ana asanu, mkulu wa mpingo, kulira chokweza pamaso pa anthu osawadziwa. Dalaivala anaima, tinatsika. Bambo anagona m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, mpaka achimwene anatilondola ndi ngolo ija.

Mwezi umenewo sitinapite. Mwezi wotsatira ndinakapempha ambulansi, anati ilibe mafuta. Galimoto ya hayala ndiye musanene, si ya anthu ngati ife. Chonsecho sitima ya katundu inkadutsabe kuseri kwa dimba, matumba a feteleza atagona bwinobwino m'mabogi. Ndinkaima ndi khasu n'kumaitukwana mpaka itazimiririka, anzanga n'kumati ndazungulira mutu.

M'mwezi wachinayi osapita kuchipatala, m'mawa wina ndikuwasambitsa pakhonde, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a ana, tanditsinani mwendowu."

Ndinawatsina pakatumba. Iwo anangoyang'ana kumwamba. Ndinatsinanso ndi mkwiyo wanga wonse, zikhadabo zinalowa, magazi n'kuyamba kutuluka.

Iwo anali akuyang'anabe kumwamba, kudikira.

"Tsinanitu, mukuopa chiyani?"