Timiyala ta M'mabokosi a Machesi

Ananditumiza kukaphunzitsa pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Champhira ndisanadziwe ngakhale moni wa Chitumbuka. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinkaphunzitsa jogalafe, ndipo mutu wa miyala unkandisowetsa mtendere chaka ndi chaka. Zithunzi za m'buku zinali zitasuluka moti mwala uliwonse unkangooneka ngati chigulumwa cha dothi. Ana ankaloweza mayina, mayeso akatha n'kuiwala.

Tsiku lina ndikudandaula za zimenezi pakhonde la ofesi, mlonda wa sukuluyo anandimva. Anali bambo wachikulire, wamtali, wotsokomola pafupipafupi.

"Madamu, mukuvutikiranji?" anatero. "Miyala ili kuseri kwa phiri uko, yambiri chomene."

Anandifotokozera kuti bambo awo ankakumba kumeneko nthawi ya azungu, kufunafuna maika, mwala wonyezimira uja wosendeka ngati pepala. Mlondayonso ali mnyamata anakumbako, anthu atabwereranso m'maenje omwewo kukasaka akwa, mwala wobiriwira ngati madzi akuya. Chifuwacho anachitenga kumeneko.

Tinayamba kupita Loweruka lililonse m'chilimwe. Unali ulendo wa maola atatu wapansi, kudutsa m'minda ya fodya, kenako m'tchire la misuku. Migodiyo sinali zimene ndinkaganiza. Anali maenje chabe, ena odzaza madzi obiriwira, ena atamera mitengo m'kati. Limodzi linali ndi njira yolowa pansi pa phiri, yonunkha mileme. Nditasuzumira, adadawo, monga ndinkawaitanira, anandigwira mkono.

"Mmenemo ayi. Ife titola pamulu pano, zimene anataya eni ake."

Tinkagwada pamilu ya zotayazo dzuwa likutiwotcha kumsana, kufukula ndi kakhasu. Ine ndinkafuna timiyala tating'ono, tosaposa chala chachikulu. Kalikonse ndinkakaika m'bokosi la machesi, pansi thonje, n'kulemba pakapepala dzina lake ndi dzenje lomwe kachokera. Maenjewo analibe mayina pamapu. Adadawo ankawatchula ndi zimene zinachitikapo: la mlamu wawo amene anathyokerapo mwendo, la njuchi, la mzungu wokalipa. Inenso ndinkalemba choncho.

Ana anasangalala, sindikana. Ankalimbirana kusenda maika ndi zikhadabo, kuyang'ana dzuwa kudzera m'nsangalabwi yofiirira. Koma thupi langa linkalipira. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi miyendo itatupa, zochapa zitaunjikana. Amuna anga ankagwira ntchito yocheka matabwa ku Luwawa, ndipo ankabwera Loweruka lomwelo. Kangapo anapeza chitseko chili chokhoma.

"Kodi ndinakwatira mkazi kapena khasu?" anandifunsa tsiku lina, osaseka.

Ndinalibe ndi mphamvu zokangana.

Chaka chachitatu nkhani inatuluka. Ndikugula tomato pamsika, mayi wogulitsa anandiyang'ana kumapazi mpaka kumutu.

"Inu ndi madamu a miyala aja? Akuti mwalemera mwakachetechete."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Loweruka lotsatira amuna anayi anatitsatira patali, makasu ndi mafosholo ali paphewa. Tinawaonetsa mabokosi athu, tinawauza kuti zimenezi n'zophunzitsira ana, palibe amene angazigule. Anagwedeza mitu mwaulemu, koma maso awo ankanena kuti tikubisa. Pasanathe mwezi kunali misasa ya mapepala apulasitiki kuzungulira dzenje la njuchi. Anakumba mpaka m'mphepete mwa madimba a abale ake a adadawo. Mvula itagwa, dothi lonse lija linatsikira mumtsinje, madimba n'kukwiririka ndi mchenga. Kenako ng'ombe ya mchimwene wa adadawo inagwera m'dzenje latsopano. Anaipha pomwepo chifukwa inathyoka msana. Okumbawo sanapeze kanthu, anangosamuka.

Mlandu unagwera adadawo, poti ndiwo anaonetsa mlendo njira. Lolemba lina anabwera kuofesi, chipewa chili m'manja.

"Madamu, mbwenu tileke. Kunyumba sakundiyankhula."

"Pepani, adada," ndinatero.

"Yewo," anayankha, n'kubwerera kugeti.

Ndinayenera kupita kumudziko kukapepesa ndekha, kukanena pamaso pa abale awo kuti ndine ndinawapempha. Ndinkati ndipita sabata yamawa. Nthawi imeneyo ndinali woyembekezera, makalasi anali anayi, mayeso ali pafupi. Sabata yamawayo sinafike. Kenako anandisamutsira ku Mzimba boma. Katoni ya mabokosi ija ndinaisiya m'chipinda chosungira mabuku, kuti ana azigwiritsabe ntchito.

Ndinabwererako patapita zaka zisanu, kumaliro a mphunzitsi mnzanga. Mwambo utatha ndinapempha makiyi a chipinda chija. Chiswe chinali chitadya katoni, mabokosi, thonje ndi timapepala tonse. Wina anasesa timiyalato n'kutiika m'chitini cha penti. Ndinakhala pansi n'kuyesa kukumbukira kuti aka n'ka dzenje liti. Mutu unakana.

Anandiuza kuti adadawo anapuma ntchito, maso achita ng'ala. Ndinakwera kabaza, chitini chili pamiyendo. Ndinawapeza atakhala pampando wa ndalema kuseri kwa nkhokwe, ataonda, chifuwa chikulira. Anandizindikira mawu.

"Madamu! Mwakumbuka njira?"

Ndinawauza za chiswe. Anatambasula dzanja, ine n'kumaika kamwala kamodzikamodzi. Ankakatembenuza ndi zala, nthawi zina n'kukakanda ndi chikhadabo.

"Aka n'ka kwa mzungu wokalipa. Maika wa kumeneko ndi wokhuthala." Ndinalemba kuseri kwa pepala la nyimbo za pamaliro. "Aka n'ka njuchi. Aka sindikudziwa."

Anatchula tisanu ndi tiwiri. Kenako anati atopa. Apo m'pamene ndinanena zimene ndinachedwa nazo.

"Adada, sindinabwere kudzapepesa kwa abale anu nthawi ija. Ndinakusiyani nokha."

Anapuma movutikira.

"Mukanabwera bwenzi zitapepukako," anatero. "Mchimwene wanga anamwalira tisanayankhulane bwino. Koma ndani ankadziwa, madamu? Ife timangotola miyala."

Mkazi wawo anatuluka ndi mbale ya mbatata yophika, ndipo tinadya tonse atatu tikukamba za mvula yomwe inachedwa chaka chimenecho ndi za ana anga. Dzuwa litafika pomwe anakhala, ine ndi mayiwo tinawagwira uku ndi uku, kuwasunthira pamthunzi wa mango. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu.

Ndinatsanzika cha m'ma fili koloko kuti ndisaphonye galimoto. Pamsewu ndinadikira nthawi yaitali, ndipo lole yomwe inaima inali itadzaza matumba a chimanga. Ndinakhala pamwamba pake mpaka ku boma, fumbi likundilowa m'maso. Mawa lake ndinali ndi kalasi ya folomu thu m'mawa, ndipo zolemba zawo ndinali ndisanachonge.