Tsiku Lomwe Ndinayenda ndi Bakuli m'Tauni ya Balaka

Amuna anga ankakonza njinga pafupi ndi msika wa Balaka. Kwawo kunali ku Ngokwe, koma titakwatirana anadzamanga kwathu kuno, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Mlendo aliyense wobwera kwathu ankatsikira pa depoti dzuwa lili paliwombo, njala itamupinda, ndiye iwo ankayamba amudyetsa m'tauni momwemo asanamukweze pa kaliyala ya njinga. Anali ndi malesitilanti atatu apamtima pawo, ndipo ankawatama ngati minda yawo.

Ine sindinalowemo ngakhale kamodzi. Sikuti sankandiitana iyayi. Anandiitana kambirimbiri, wokana ndinali ine. Mayi anga anandilera kuti mkazi sadya pagulu amuna achilendo akumuyang'ana pakamwa. Chinanso, ndinkaopa foloko. Ndinkawayankha kuti, "Ine ndikadye pamsewu ngati ndilibe kwathu?" Iwo ankangoseka, n'kumangirira bakuli pa njinga. Linali bakuli labuluu, chivindikiro chake chobenthuka mbali imodzi, lomangidwa ndi kansalu kong'amba ku chitenje changa chakale. Linkapita lopanda kanthu, n'kubwera lolemera. Motero malo atatuwo ndinkawadziwa ndi lilime lokha. Kwina kunkachokera tchipisi cha kabichi ndi tsabola wa kambuzi. Kwina mpunga ndi nkhuku yachikuda. Kwina nyama ya mbuzi ndi chigwada chotendera, ndipo tsiku lamwayi pambali pankakhala kalongonda pang'ono, nyemba zathu zija za Alomwe zophika tsiku lathunthu.

Atamwalira, bakulilo ndinalitsuka n'kuliika pamwamba pa kabati.

Mchemwali wawo, alamu anga, anakwatiwa ku Mozambique. Pa maliro sanafike chifukwa inali nthawi ya mvula, mitsinje ya kwawo itadzaza. Anabwera titakolola. Tinapita kumanda, analira mpaka mawu kusasa. M'mawa mwake tikumwa tiyi anandiuza kuti, "Alamu, kumanda ndakuona. Chatsala chimodzi. Mukandionetse kuja achimwene anandidyetsa ulendo womaliza. Ndikakhale pa benchi lomwe lija, ndidye, ndiye ndizibwerera kwathu."

"Palibe vuto," ndinatero pakamwa patanditsogolera.

Vuto linalipo. Sindinkadziwa kuti mwa malo atatu aja ndi ati, ngakhale khomo la amodzi mwa iwo. Ndikanaulula, alamu akanabwerera osakhala pa benchi lawo, komanso akanakauza abale kuti mchimwene wawo ankadyetsa alendo m'tauni mkazi wake atamusiya pakhomo ngati mlonda. Munthu anagona kale, akanadziyankhira bwanji?

Ndinafunsa mozembera. "Paja munadya chiyani?"

"Ndikumbukenso? Ndi kale. Ndinangokhuta mpaka kumasula chitenje. Pakhomo panali mtengo wa mango, ndipo mayi wa pamalopo anandilonjera m'Chilomwe."

Ndikutsuka makapu maso anga anagwera pamwamba pa kabati, ndipo nzeru inabwera yokha. Ine sandidziwa, koma bakuli akulidziwa. Ndinakwera pampando, n'kulitsitsa, n'kulipukuta fumbi. Mtima unayamba kuthamanga ngati wa mtsikana wopita ku chinkhoswe chake. Ndinavala chitenje cha kutchalitchi ndi nsapato zomwe ndinali ndisanavale chichitikireni maliro. Ndinadzola ngakhale mafuta onunkhira.

"Nanga bakulilo?" anafunsa alamu. "Tikukapempha ndiwo?"

"Ndikatengereko adzukulu."

Tinakwera kabaza aliyense yake. Ine bakuli lili pamiyendo, mphepo ikundimenya kumaso, ndinapezeka ndikumwetulira ndekha. Miyezi yonse ija ulendo wanga unali wa kumunda, kuchigayo ndi kumanda basi.

Titatsika pafupi ndi pomwe malemu ankakonzera njinga, ndinanyamula bakuli patsogolo ndi manja awiri, ngati mbale ya chopereka, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa malo odyera. Sitinapite patali. Bambo wina wachikulire wokazinga tchipisi pa chiwaya anaika chipande chake pansi.

"Mayi, taimani. Bakuli limenelo ndi la bambo a njinga aja, si choncho? Pepani kwambiri, tinamva." Anavula chipewa. Kenako anatilowetsa m'kanyumba kake ka matebulo awiri, n'kutipatsa tchipisi pa mbale imodzi. Nditangolawa tsabolayo ndinamuzindikira. Ndi yemwe uja ankandiyetsemulitsa kunyumba.

Alamu anayang'ana uku ndi uku. "Si pano."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Ndimati mungolawako."

Malo achiwiri anali kuseri kwa depoti. Kumeneko fungo la msuzi wa nkhuku linandikoka ndisanaone n'khomo lomwe. Mwini wake, mayi wachisilamu wovala mpango woyera, ataona bakuli anagwira pakamwa. Analitenga m'manja mwanga, n'kulisisita pobenthuka paja, akuyankhula Chiyao ndi mnzake wa kukhitchini. Kenako anati, "Bambo aja ankandivuta. Ati msuzi uzikwana, kunyumba kuli wokonda msuzi. Ndikathira, ati onjezerani." Anatikhazika pansi, mpunga uwo, nkhuku iyo. Kukana kunali kosatheka.

Alamu anadya ntchafu yonse, n'kundiyang'ana cham'mbali. "Kunonso si kuno. Koma alamu, tandiuzani. Bwanji anthuwa akulonjera bakuli, inu ayi?"

"Ndaonda ndi maliro, sakundizindikira."

"Mwaonda pati? Kabaza ija imachita kulira pokwera mtunda."

Ndinaseka nawo, koma thukuta linali litayamba. Alamu atapita kukasamba m'manja, ndinanong'oneza mayi a mpango aja. "Kodi kwa mayi ophika chigwada ndi kalongonda n'kuti?" Anandiuza kuti anasamuka. Yemwe ankawabwereka malo anadula mango uja n'kumanga shopu, ndiye iwo anapita kutsidya kwa njanji, kanyumba kopaka laimu, chitseko chobiriwira.

Tinawoloka njanji dzuwa likuswa mtengo, mimba zili kale ndi zakudya za malo awiri. Ine ndinkatsogola molimba mtima ngati ndimapitako tsiku ndi tsiku. Titafika pa chitseko chobiriwira alamu anaima.

"Alamu, mukundizunguza dala kapena? Mango ali kuti? Ngati mwaiwala nenani, ndibwerere kwathu ndi njala yangayi."

Ndinangokankha chitseko n'kulowa, bakuli patsogolo.

M'katimo munali anthu ambiri ndithu: madalaivala, amayi awiri ovala yunifolomu ya kuchipatala, ndi agogo ena ndi mdzukulu wawo. Mayi wina wamtali anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Anayang'ana bakuli, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Mwabwera tsopano," anatero. "Mayi a manyazi aja ndinu."

Nyumba yonse inatembenuka.

"Zaka zonsezi bambo aja ankati, tsiku lina ndidzabwera nawo, akadzasiya kuopa foloko. Ankati ndikawaitana akuti adye pamsewu ngati alibe kwawo. Ine n'kumati, abwere adzaone ngati muno ndi pamsewu." Anandigwira mapewa onse awiri, maso ake atadzaza misozi koma akuseka. "Pepani mayi. Anali munthu."

Ndinayang'ana pansi, ndikudikira mawu a alamu. Iwo anaphulika kuseka mpaka kutsamira khoma. "Ndiye tsiku lonseli amatitsogolera ndi bakuli? Inu simunalowepo n'kamodzi komwe?"

"Ndinkaopa muziti sankanditenga."

"Achimwene? Amene ankatenga ngakhale munthu wongokumana naye pa depoti? Ndikanadziwa ndekha kuti wamakani ndinu."

Mayi wamtali uja atamva mawu a alamu anapendeka mutu, n'kuwalonjera m'Chilomwe. Alamu anasiya kuseka. Anayankha pang'onopang'ono, akumuyang'anitsitsa. "Ndi inuyo," anatero. "Mango munasiya kuti?"

"Mango anadula. Koma mabenchi ndinasamuka nawo. Lanu ndi ilo la pakonalo, bambo aja sankakhala pena."

Linali benchi wamba, mwendo umodzi wochirikiza ndi kathabwa. Alamu anakhalapo, n'kuyala dzanja pamalo otsalawo. Ndinawasiya kaye. Patapita kanthawi anagogoda thabwalo n'kunena kuti, "Khalani apa. Malo ake ndi anu."

Anatibweretsera beseni ndi jagi ya madzi ofunda, n'kutithirira m'manja. Kenako mbale zinayamba kubwera: mbuzi, chigwada, ndi kambale ka kalongonda. Alamu atangoika m'kamwa anatseka maso. "Ndi zimenezi. Ndakumbuka tsopano." Ine ndinali ndisanadyepo chigwada chimenecho chili chotentha. Kunyumba chinkafika chitazizira ndi ulendo wa pa njinga, ndipo ndinkayesa kukoma kwake n'komweko. Ndinadya ngati sindinadutse malo awiri aja.

Ndili pakati ndinakweza mutu kuti ndione amene akundiyang'ana pakamwa. Panalibe. Aliyense anali ndi mbale yake, ndipo onse, ngakhale amayi a kuchipatala aja, ankadya ndi manja. Foloko yomwe ndinaiopa ukwati wanga wonse sindinaione m'nyumba monsemo.

Potuluka, mwini malo anatenga bakuli n'kulidzaza, n'kumanga kansalu kaja mfundo ziwiri monga ankachitira malemu. Alamu ananyamuka patapita masiku awiri, atauza mudzi wonse nkhani ya bakuli, ndi zowonjezera zawo.

Chiyambire tsiku limenelo, mlendo akati akubwera, ndimakamuchingamira ndekha pa depoti. Akakhala wachinyamata ndimapita naye kwa bambo a tchipisi. Akakhala wa kutchalitchi, kwa mayi a mpango, ndipo msuzi ndimapempha ndekha kuti awonjezere. Koma akakhala wachibale, wa ku Ngokwe kapena wa ku Mozambique, timawoloka njanji. Ndimamukhazika pa benchi la pakona, n'kumuchenjeza za mwendo uja, ndipo ndimakhala moyang'ana kukhomo kuti aliyense wolowa andione ndikudya.