Anazenera ndi Mawindo Oyang'ana Kumsewu

Tonse pa parishi pano tinkawatcha Anazenera, ndipo iwo ankavomera mokondwa. Bambo awo anali kalipentala, ndipo iwo anakula akuwagwirira matabwa. Akuti anadziwa sowo asanamalize katekisimu, koma Misa ya m'mawa sankaiphonya. Amuna awo atamwalira, analera ana anayi ndi ntchito yomweyo ya zitseko ndi mawindo. Mabenchi a m'tchalitchi ankawakonza mwaulere, uku akuimba ndi mawu amene kwaya inawakana kawiri konse.

Atakalamba, parishi inayamba kumanga nyumba yosungiramo amayi othawa nkhanza. Nkhaniyi inawakhudza, chifukwa mng'ono wawo anali atathawa mwamuna womenya, n'kumabisala kwa iwo m'chipinda cha matabwa. Wojambula mapulani, munthu wophunzira bwino ndithu, anaika mawindo akuluakulu oyang'ana kumsewu. Ankati kuwala kumachiritsa mtima.

Makoma atakwera, mng'onoyo anakaiona nyumbayo n'kubwerako ali ndwii.

"Achemwali, umo sindingagonemo. Mwamuna uja akandiona ali pamsewu andikokera pawindo pomwepo. Bola ndingobwerera ndekha kwa iye."

Anazenera anachita mantha kwambiri. M'mawa mwake anamugwira dzanja wojambula uja n'kukamuimika pamsewu.

"Mwanawe, ukuona chiyani?"

"Chipinda chonse, amayi, mpaka pomwe padzakhale bedi."

"Basitu. Mlamu wanga nayenso maso ali nawo."

Wojambulayo anagwira pakamwa, kenako anadziseka yekha n'kutulutsa pensulo. Mawindo a kumsewu anawachepetsa n'kuwakweza pafupi ndi denga, ndipo akuluakulu aja anawasamutsira kubwalo la mkati, koyanika zovala. Pachitseko chilichonse Anazenera anakhomapo okha mpiringidzo wa mkati. Ankati, "Ngakhale Ambuye amene amayamba agogoda kaye. Nanga munthu ndani kuti angolowa?"

Nyumba itatha, mng'ono wawo analowa dzuwa lili paliwombo, anatseka, n'kugona tulo tofa nato. Mkonono unkamveka mpaka pabwalo, ndipo Anazenera anaseka mpaka misozi. Mng'onoyo sanabwererenso kwa mwamuna uja.

Anazenera anatisiya mwakachetechete Lamulungu lina atalandira Ukaristia, kolona ali m'manja. Tikuwasowa kwambiri. Lero mng'ono wawo uja ndiye amalandira amayi obwera kumene m'nyumbamo. Asanawafunse n'komwe dzina, amawaperekeza kuchipinda n'kuwauza kuti, "Tsekani nokha, mayi. Mudzatsegula mukafuna."