Mbatata Zimene Ndinazitsekera mu Diramu

Lolemba lapitali ndinazindikira kuti ndapha mbatata za apongozi anga aakazi. Ndikuti kupha ndithu, osati kungowononga.

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ya m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, komanso ndine mkamwini. Mukudziwa inu mmene mkamwini amafunira kuoneka wanzeru pamudzi pa eni. Chaka chino chimanga sichinachite bwino, ndiye apongozi akudalira mbatata kuti iwafikitse mvula yoyamba, iwo ndi adzukulu anayi amene akulera. Chaka ndi chaka amaisunga m'nkhuti: dzenje pamthunzi, phulusa, mbatata, phulusa, pamwamba udzu ndi dothi, n'kusiya kabowo. Kabowoko ndi kamene kankandinyansa, poti makoswe amalowera pomwepo.

Ndiye ndinapeza diramu yachitsulo kwa anthu okonza msewu, ya chivundikiro chothina bwino, n'kuitsuka mpaka mbee. Poti mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, ndinatuma akazi anga, aNambewe. Yankho linabwera lalifupi.

"Akuti mbatata imapuma," anatero aNambewe.

"Imapuma ndi mphuno iti?" ndinaseka ine. "Tsobola wakale sawawa. Kawauzeni andipatse theka lokha, aone."

Anandipatsa. Ndinathira mu diramu, kutseka, m'mbali kumata dongo kuti ngakhale nyerere isapeze polowera. Masabata atatu ndinayenda modzitukumula pamudzi ponse.

Lolemba ndinatsegula. Fungo limene linatuluka linali la mowa wosasa. Chivundikiro chinali chonyowa kunsi, mkati muli fundee, mbatata zitafewa, zina zikuchucha. Za m'nkhuti zinali gwa, zotsekemera kuposa tsiku lokumba.

Manyazi anandigwira, sindibisa. Koma panali china chimene chinandisowetsa mtendere kuposa manyaziwo. Mu diramu youma madzi achokera kuti? Kufunda kwachokera kuti, moto palibe, diramu ili pamthunzi?

Lachitatu ndinapalasa njinga mpaka ku Katete kwa mnzanga aSakala, amene amayeza magazi a odwala malungo pa chipatala china. Ndinanyamula mbatata imodzi ya m'nkhuti. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Aticha, kandolo mwaipaya mweka," anatero m'chinyanja chawo cha pa boma, kunena kuti mbatata ndaipha ndekha. "Shuwa simudziwa kuti ni yamoyo? Bwerani muone."

Anadula kachidutswa kopyapyala kuposa khungu la anyezi, kudonthezera ayodini, yemwe uja amatipaka pa zilonda, n'kukaika pansi pa galasi lawo loonera tizilombo. Ndinatsinzina diso limodzi, linalo ndikusuzumira.

Abale, ndinaiwala kuti ndili m'chipatala. Mbatata imene ndadya moyo wanga wonse ndi mudzi wa tizipinda tosawerengeka, togundana ngati zisa za njuchi, ndipo m'kachipinda kalikonse mwadzaza timibulu timene ayodini anatidetsa bii. Ndinayang'ana mpaka khosi kuwawa. ASakala anachita kundikoka malaya chifukwa odwala anali kudikira.

Tizipindato akuti ndi maselo, ndipo kalikonse ndi kamoyo. Nkhani yake ili motere. Masamba, kholowa yemweyu timathira nsinjiro, amatenga dzuwa, madzi ndi mpweya n'kupanga shuga. Shugayo amatsikira kumizu, ndipo tizipinda timamumanga kukhala timibulu ta ufa kuti asungike. Kachipinda kalikonse kali ndi nkhokwe yake.

Mbatata ikakumbidwa siifa. Imatapa pang'ono m'nkhokwemo, kubweza ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake ya m'nkhuti imatsekemera. Kenako imakoka mpweya n'kuwotcha shugayo pang'onopang'ono, moto wopanda lawi. Pamenepo pamatuluka mphamvu yoti tizipinda tikhale ndi moyo, komanso kufunda, madzi ndi mpweya wotha ntchito. Mayankho a mafunso anga awiri aja ndi amenewo.

Mu diramu yanga mpweya wabwino unatha. Tizipinda tinayamba kuswa shuga popanda mpweya, monga zimachitikira mu mtsuko wa mowa, mpaka tinafa ndi zimene tinkapanga tokha. Kuwola kunabwera pambuyo.

"Na imwe ni chimodzimodzi," anatero aSakala, akuloza miyendo yanga. "Muganiza njinga mwaichova na chani kuchoka ku Sinda?"

Ulendo wobwerera sindinaumve. Tangoganizani inunso: dzuwa limene linawala pa munda mu Febuluwale linasungidwa pansi pa nthaka, ine n'kulidya m'mawa, tizipinda ta m'miyendo mwanga n'kulimasula pa chitunda. Ndinkaseka ndekha pamsewu, amayi ochokera kuchigayo n'kumapatuka. Mtedza uli m'nkhokwe ukupuma. Chimera chikafunda pansi pa masamba, ndi moto womwewu.

Koma nditayandikira kumudzi chimwemwe chinayamba kuchepa. Ndi angati a ife, aphunzitsi, akalaliki, alangizi, amene timafika pamudzi ndi diramu yathu tisanafunse kuti kabowo n'kachiyani? Tikaona chinthu chimene sichinalembedwe m'buku timati ndi umbuli. Apongozi ankadziwa kuti mbatata imapuma, chifukwa chake sankachidziwa. Ine sindinkadziwa zonse ziwiri, koma ndinali ndi satifiketi, ndipo theka la chakudya cha ana anayi linathera kudzala.

Lachinayi ndinavala zilimbe. Ndinakhala pansi kunja kwa mpanda wa apongozi, iwo ali mkati, aNambewe pakhomo. Ndinapepesa. Ndinati mbatata yonse ya ku dimba kwanga ibwera kuno, nkhuti ndikumba ndine, ndipo kabowo ndisiya pamene iwo aloze.

Pakamwa panga sipanathe kudikira yankho. Ndinayamba kufotokozera aNambewe za tizipinda, ndikujambula pansi ndi kamtengo, mawu ndikukweza dala. Ndinanena za timibulu takuda, za moto wopanda lawi. Nditatha, mtima unali m'malere, ndikudikira kuti andiuze kuti tizipinda sitikhutitsa mwana.

"Nambewe," anatero apongozi kuseri kwa mpanda, "za mbatata yawo ndamva, abweretse. Koma tawafunsa. Tizipinda timeneto, munthu wosadziwa kuwerenga angatione?"

Munthu wasunga mbatata kuyambira ine ndisanabadwe, akudziwa kuti ndi yamoyo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa ife ophunzira anaganizapo zomuonetsa.

Loweruka tikupita ku Katete, iwo pa ngolo, ine pa njinga kumbuyo. Nanga inu amene mumasunga makiyi a makabati a magalasi oonera tizilombo m'masukulu ndi m'zipatala, munayamba mwaitanapo mayi wa khasu kuti adzasuzumire?