Chitseko cha Uvuni

Chimwalirireni amuna anga, sindinkadya ndiwo zimene sindinazione zikuphikidwa. Ngakhale pamaliro muno m'Chawama ndinkangolandira mbale n'kupatsira wina. Munthu amakusekerera pamsewu, koma za m'poto mwake amazidziwa yekha.

Chaka chatha manja anga anayamba kunjenjemera. Nditagwetsa poto wa nyemba kachiwiri, mwana wanga wamwamuna anati basi, aziphika ndi mkazi wake. Masiku anayi ndinakhalira tiyi wopanga ndekha ndi buledi wa m'pepala. Miyendo inayamba kulefuka. Ndinkadziwa kuti ndikudzipha ndi njala, koma pakamwa pankakana.

Loweruka m'mawa malaiti alipo, mpongozi wangayo anabwera ndi nyama ya ng'ombe, chinthuli chimodzi chachikulu. Sanaidule. Anaipukuta, anaipaka mchere ndi mafuta, n'kuiika m'thireyi, n'kuilowetsa mu uvuni, pafupi ndi chitsulo chofiira cha pamwamba.

"Nyama imayambira m'madzi," ndinatero. "Mukuibisiranji mumdimamo?"

"Sinibisa, amai. Ifunika ifiire kunja, ndiye ingene mu poto. Onani, chitseko nasiya chotsegula. Manje ine nili na anyezi na tomato, ndipo iyi ukangoyang'ana kumbali yapserera. Ifuna munthu wa maso."

"Mwaona kuti maso ndi anga okha m'nyumba muno?"

"Olo mphaka wa baneba amakudziwani," anayankha, akundikokera kampando.

Ndinaona ngati akundinyengerera monga mwana, komabe ndinakhala. Kutentha kunkandiwomba m'maondo. Mafuta anayamba kuthetheka, pamwamba pa nyama n'kuderako, ngodya imodzi n'kuyamba kuda.

"Tembenuzani, inu. Uku kwatha."

Anabwera msanga ndi foloko, osatsutsa. Kanayi konse ndinamuitana, kanayi konse anamvera. Kenako anaiika m'poto ndi anyezi, madzi pang'ono ndi msuzi wotsalira m'thireyi, n'kuitereka pambaula, poti malaiti athu sakhulupirika kuposa anthu. Inabwata pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili pompo.

Inafewa moti chala chinkangolowa. Ndili pa nthuli yachiwiri m'pamene ndinakumbukira kuti masana ndinapita kuseri kamodzi, poto n'kutsala ndi iye yekha. Ndinasiya kutafuna. Iye anali kuchotsera mwana wake mnofu, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinameza.

Masiku ano akagula ng'ombe amangoti, "Amai, nchito yanu." Kampandoko sindilola wina kukhalapo.