Pa Lodibuloko Munene Kuti Ndine Mwana Wanu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza Folomu 4 ndinkangothandiza azakhali kugulitsa zitumbuwa pa siteji ku Balaka. Bambo anga anamwalira ndikukwawa, ndiye wondipititsa ku kosi panalibe. Tsiku lina mayi wina atagula zitumbuwa ndinawafunsa kuti magalasi awo ada bwanji atangotuluka m'galimoto, chonsecho m'katimo anali oyera.

"Iwe umafunsa chonchi aliyense?" anatero.

Azakhali ndi amene anayankha: "Mayi, Lusiyayu anabadwa ndi funso m'kamwa."

Anali Mayi Mbewe, eni ake a kaloji kena ku Liwonde, kufupi ndi chipatala. Sabata yotsatira ndinali nditaima pa kauntala pawo.

Ine ndinkayesa kuti ntchito ndi kupereka makiyi ndi kusintha zofunda basi. Kodi! Alendo athu ambiri anali odwazika matenda ochokera kwa Kawinga, ku Nselema, mpaka ku Chiuta, ndipo wodwala akatulutsidwa ankafuna galimoto ya hayala. Kuipeza inali ntchito yanga. Mayi Mbewe ankadalira makampani awiri okha, ina ya pa Liwonde pomwepo, ina ya ku Balaka, onse okhala ndi ofesi yoti ukhoza kupita kukagogoda zinthu zikavuta. Komabe galimoto ikalowa pageti ankandituma kukaizungulira ngati wogula mbuzi.

Nambala ya galimoto ya hayala imakhala yofiira, ndipo ndinkayambira pamenepo. Pagalasi lakutsogolo pamakhala timapepala tomata, kena ka inshuwalansi, kena ka COF kosonyeza kuti galimotoyo inayesedwa. Ndinkawerenga tsiku lothera, n'kuonanso ngati nambala yolembedwapo ndi yomwe ili pagalimoto. Dalaivala ankatulutsa laisensi, ine n'kumuyang'ana nkhope. Matayala ndinkachita kupapasa, ndipo lina likakhala losalala ngati dazi galimotoyo inkabwerera. Sipeya, jeke, malamba, zonse. Madalaivala anandipatsa dzina loti Tirafiki wa Mayi Mbewe, koma ine sizinkandikhudza.

Chomwe chinkandisautsa chinali chimodzi. Galimoto ndi galimoto, nanga mtundu wa nambala umayendetsa? Nditafunsa, Mayi Mbewe anangoti, "Udzamva wekha."

Ndinamvadi, m'nyengo ya dzinja. Tinali ndi Che Mdoka, bambo wachikulire wamtali wa kofia yoyera, wogulitsa nsomba zouma ku Chiuta. Akazi awo, Abiti Saidi, anali atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, ndipo tsiku limenelo anawatulutsa akuyenda chowerama, dzanja lili pabala. Mayi Mbewe anali atapita ku maliro. Ndinaimba ku kampani ya pa Liwonde, akuti galimoto zonse zili ku ukwati. Ya ku Balaka inati ibwera ikatula munthu wina. Apo n'kuti kumwamba kukuda bii. Msewu wafumbi wopita kunyanjako mvula ikagwa umasanduka phala, ndipo galimoto ikatitimira, munthu wa bala latsopano amavutika koopsa.

Mwana wawo, Yusufu, analephera kudikira. Anapita pa siteji n'kubwera ndi galimoto yonyezimira, nyimbo zili gugugu. Nambala yake sinali yofiira. Ndinaizungulirabe. COF inali itatha, ndipo patayala lakumbuyo mawaya anali akusuzumira.

"Sisi, mukufuna muigule?" anandiseka dalaivala, mnyamata wa tcheni m'khosi.

Ndinagwada pang'ono kwa Che Mdoka. "Bambo, iyi iyayi. Tidikire ya ku Balaka."

Yusufu anandikalipira anthu akuona. "Mvula ikatipeza panjira, amayi anga uwabereka ndiwe?"

Za mvulazo sankanama. Bwanji ngati kuuma mutu kwanga ndi kumene kudzapweteketse mayiyo? Ndinaima pambali, iwo n'kuwakweza Abiti kumbuyo, atawaikira pilo. Che Mdoka anali ataponda kale mwendo umodzi m'kati pamene dalaivala uja anawaweramira.

"Madala, pa lodibuloko akafunsa, munene kuti ndine mwana wanu, ndadzakutengani kuchipatala. Za hayala osatchula."

Che Mdoka anabweza mwendo uja. Anamuyang'ana mnyamatayo bwinobwino, osati mokwiya, koma ngati akuyesa kumukumbukira.

"Mwana wanga? Nanga amayi anu ndi ati, poti ine mkazi ndi yemweyu?"

Abiti anayamba kuseka atagwira pamimba. "Musandiseketse inu, ulusi uduka!"

"Timangotero, madala, aliyense amadziwa," anatero dalaivala.

"Ndamva. Ndiye tayala lija likaphulika, ife tikabwereranso kuchipatala, mudzabwera ndi phala m'mawa monga achitira mwana?"

Mnyamatayo anangokanda m'mutu. Che Mdoka anatembenukira kwa Yusufu n'kunena mawu amodzi m'Chiyao, "Ngwamba," kutanthauza iyayi. Anawatsitsa okha akazi awo, pang'onopang'ono, n'kuwakhazika pabenchi pakhonde.

Kudikirako kunali kowawa, abale inu. Yusufu sankandiyang'ana n'komwe, ine maso ali kumwamba. Kenako galimoto ya ku Balaka inalowa, penti yosuluka, yoyendetsa a Banda, bambo wa imvi wosathamangira kanthu. Ndinaona zonse monga mwa nthawi zonse, ndipo zinali m'malo mwake. Asanakwere, Che Mdoka anafunsa: "Achimwene, pa lodibuloko ndinene kuti ndinu ndani wanga?"

A Banda anadabwa. "Dalaivala wanu, bambo. Mwandichita hayala. Pali china?"

Tsiku limenelo sindinadye mpaka a Banda ataimba foni madzulo. Anati mvula inawapeza atadutsa Nselema, anayenda ngati akunyamula mazira, koma mayi aja alowa m'nyumba mwawo bwinobwino. Iwo ndi amene anatitimira pobwerera, galimoto ilibe munthu.

M'mawa mwake Mayi Mbewe anandimasulira funso langa lija. Inshuwalansi ya galimoto ya munthu wamba, anatero, sidziwa za wokwera wolipira. Ukavomera kuti ndiwe wachibale, wadzikana wekha ndi pakamwa pako, ndipo pakachitika ngozi palibe khomo loti ukagogode. Kuchokera pamenepo, ngakhale lero ndili pantchito ina, galimoto ikhale yokongola bwanji, dalaivala akangondipempha chibale ndimatsika.

Itatha mvula Che Mdoka anabweranso ndi Abiti kudzaonana ndi adokotala. Mayiwo ankayenda chilili. Anandipatsa phukusi la matemba, n'kumandifunsa ngati ndikudya bwino poti ndaonda. Mlendo wina amene ankadikira kiyi anafunsa, "Kodi ndi mwana wanu ameneyu?"

"Eya, mwanangu uyu," anatero Che Mdoka osaganiza n'komwe. "Uyu ndiye ndikhoza kunena pa lodibuloko iliyonse."

Chimwalirire bambo anga, panalibe mwamuna ananditchulapo mwana wake. Ndinapereka kiyi uja kwa mlendo, ndinalowa m'chipinda chosungira zofunda, n'kulira nditakumbatira matemba.