Kompyuta Ikupanganso Zonse M'nyumba

Ndili m'nyumba mwathu, ndikupukuta fumbi pa kompyuta ya amuna anga. Chala chadina batani mwangozi. Iwo akulowa atavala kabudula wa kusukulu, ndevu zili pompo.

"Mayi a Tadala, mwasinthatu kapangidwe," akutero. "Makina awa salandira mapulogalamu opangidwa kale, amadzipangira okha. Mukasintha chimodzi, zonse zodalira chimenecho amazipanganso kuyambira pachiyambi."

Kompyuta ikupuma mwaphokoso, zilembo zoyera zikuthamanga pagalasi lakuda. Yamaliza mapulogalamu, koma sikuima. Yalemba "mphasa", mphasa yamasuka kukhala bango, n'kulukikanso yokha. Yalemba "chitenje", chitenje changa chasanduka ulusi, n'kubwerera maluwa ake atazondoka. Chitseko nacho yachipanganso, chabwera chopanda chogwirira.

Kenako yalemba "Tadala". Mwana wanga ali kumbuyo, koma akupepuka ngati thumba la thonje.

"Bambo ake, zimitsani!"

"Iyayi, mukaimitsa pakati zinthu zimatsala theka," akuyankha uku akuseka. "Dikirani, mwina abwera wosavutavuta."

Ndagwira mbereko ndi manja onse awiri. Sindikufuna wina, ndikufuna yemweyu wolira pa chilichonse. Kompyuta yatentha ngati simbi, kenako yangoti zii. Msana wanga walemeranso. Ndikumutembenuzira kutsogolo kuti ndimuone. Mano awiri omwe aja, kachipsera ka katemera pamkono, ndipo wayamba kundiluma chala.

Ndadzuka kutulo Tadala akundilumadi chala. Mtima uli m'malo, ndangomusiya alume.